Mvuu Aumitsa Thupi

Kalekale, m'dambo la Nsenjere, Mvuu ndi Njati ankakhala moyandikana koma sankaonana ndi diso labwino. Mvuu anali ndi dziwe lakuya losaphwa ngakhale m'chilimwe, ndipo anali nyama yosatha kupirira mawu onyoza. Njati anali ndi akazi ndi ana oposa makumi awiri, chithaphwi chouma chaka ndi chaka, komanso mtima wodziwa kudikira. Mkangano wawo unali wa dziwelo.

Lamulo la m'dambomo linali lalifupi. Kumwa, aliyense ankamwa paliponse atagwada m'mphepete, koma kulowa m'madzi thupi lonse kunali kwa mwini dziwe ndi amene iye wawaloleza. Ndipo mwini akapanda kulowamo mpaka dzuwa kulowa katatu, dziwelo linkakhala lopanda mwini. Woyamba kuponda m'madzimo ankalitenga, popanda mlandu.

Chaka china Mvuu anatsala yekha. Mkazi wake, Namadzi, anali woyembekezera, ndipo anapita kwawo ku mtsinje waukulu kukachira, ulendo wa tsiku lathunthu. Pochoka sanachulutse zonena.

"Bambo, ndidzabwera ndi mwana kutatentha kale. Ndidzapeze dziweli lili lathu."

"Lingapite kuti dziwe, lili ndi miyendo?" anatero Mvuu akuseka. "Yendani bwino, mayi."

Mwezi wa Ogasiti uli pakati, chithaphwi cha Njati chinauma n'kuchita ming'alu. Njati anabwera kudziwe, anagwada, anamwa. Atatha anayang'ana timakutu tiwiri timene tinkaoneka pamwamba pa madzi.

"A Mvuu, ana anga nkhupakupa zawatha. Simungawalole alowe kumbali uko, angodzipaka matope?"

"Ayi," anatero Mvuu. "Lero mwana, mawa mayi wake, mkuja gulu lonse. Imwani muzipita."

Njati sanakwiye. M'khosi mwake munali mphande, chigoba choyera chimene ankapatsa wopambana pa mpikisano wa akatumba, ndipo iye anali ataivala zaka zitatu zotsatizana. Anaigwedeza pang'ono ngati akuingitsa ntchentche.

"Chabwino, mwini wanena. Komatu ine ndimadabwa, a Mvuu. Amati muli ndi thupi, koma ndani analionapo? Ife timangoona makutu ndi mphuno. Ena amati pansi pa madzipo pali chithumba cha mafuta basi."

"Amanena ndani zimenezo?"

"Ambiri," anatero Njati, n'kumapita.

Mawuwo anamulowa Mvuu ngati munga wa m'phazi. Tsiku lonse anangokhala duu m'madzi, akutchula mumtima mayina a nyama zimene mwina zinkamuseka. Pofika mawa lake anali atatsimikiza kuti ndi dambo lonse. Anatuluka m'dziwe n'kupita kukafunsa za mpikisanowo.

Mpikisano wa akatumba unkachitika chaka chilichonse mu Okutobala, pathanthwe lalikulu la kuseri kwa chitunda, ndipo unali wa amuna okhaokha. Sankamenyana, sankathamanga, sankanyamula kanthu. Ankangokwera pathanthwepo atadzola mafuta a nsatsi, n'kukunga minofu kuti woweruza aone. Zoti nyama zazikuluzikulu n'kusiya msipu kudzaonerera mnzawo ataima chilili n'zovuta kuzimvetsa, koma khamu limene linkabwera silinali lamasewera.

Wophunzitsa opikisana anali Nyani, amene anali ndi bwalo la miyala ndi zipika pansi pa mkuyu. Iye mwini anali ndi timiyendo ngati mapesi ndipo sanapambanepo kalikonse, koma pakamwa pokha panali pa katswiri. Anazungulira Mvuu kawiri, kumutsina pamimba, kumumenya khofi pamsana.

"Nyama ilimo, bwana, koma yabisala," anatero Nyani. "Muli ngati mwala wokutidwa ndi ndere. Ndipatseni miyezi iwiri, a Njati adzakupatsani mphande ndi manyazi."

Anayamba. M'mawa uliwonse Mvuu ankakankha chipika cha mbawa kukwera nacho chitunda, kunyamula mwala ndi khosi, kugwada n'kudzuka mpaka maondo kunjenjemera. Msipu wotsekemera wa m'mbali mwa dziwe Nyani anamuletsa, n'kumulamula kuti azitola nyemba zouma za msangu zokhazokha. Dzuwa likafika pamutu, Mvuu ankabwerera kwawo n'kudziponya m'madzi, ndipo dziwe linali lake monga kale.

Patatha milungu isanu ndi umodzi zinthu zinayamba kuoneka. Mimba inakwera, khosi linachita mizere, mapewa anatumphuka. Akamadutsa, agwape ankasiya kudya n'kumucheukira, ndipo iye ankayenda pang'onopang'ono dala kuti amuone bwino. Pofika padziwe sankalowanso msanga, ankayamba waima m'mphepete kudziyang'anira m'madzi, osafuna kuponda kuopa kusokoneza chithunzicho.

Kutatsala masiku ochepa, Nyani anamuitanira pambali.

"Bwana, thupi mwapanga. Chatsala ndi chinsinsi cha akatswiri, kuumitsa. Madzi amabisa mitsempha. Wina aliyense wokwera pathanthwe paja amayamba wasiya madzi kuti khungu limamatire ku mnofu."

"A Njati amatero?"

"Amatero, tsiku limodzi. Koma iwo khungu lawo n'lopyapyala. Lanuli limamwa madzi ngati thonje. Inu masiku atatu, osamwa, osalowa m'dziwe, ngakhale kuviika phazi."

Mvuu anaimika makutu. "Masiku atatu? Lamulo la dziwe simukulidziwa kodi?"

"Ndikulidziwa kuposa amene analipanga," anatero Nyani, akupinda zala. "Taonani. Mutuluke mawa m'mawa. Dzuwa la mawa lilowa, kamodzi. La mkuja lilowa, kawiri. Tsiku lachitatu ndiye mpikisano, ndipo umayamba m'mawa. Pofika masana mwavala mphande, mukusambira. Dzuwa lachitatu likamalowa lidzakupezani muli m'madzi mpaka m'makutu."

Mvuu anawerenganso yekha ndipo anapeza kuti masamuwo ngolondola. Mumtima munali kachikayikiro, koma kanali kakang'ono poyerekeza ndi mphande. Anavomera.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera Kakowa, mbalame yoyera yoyenda ndi mauthenga. Anatera m'mphepete mwa dziwe n'kuima ndi mwendo umodzi.

"A Mvuu, ndachokera ku mtsinje. Mayi anachira bwino, mwana ndi wamwamuna, wayamba kale kuyenda ndi kuyankhula. Akuti afika kuno m'mawa wa tsiku lotsatira mpikisano."

Mvuu anakondwa kwambiri, ndipo chimwemwe chinamumasula pakamwa. Anauza Kakowa zonse: za mphande imene mwana wake adzamupeze atavala, za chinsinsi cha kuumitsa, za masiku atatu, ndi mmene masamu ake anakhalira. Kakowa sankanama, koma sankasunganso kanthu. Ndipo masana aliwonse ankakhala pamsana pa Njati akutola nkhupakupa.

Mawa lake Mvuu anatuluka m'dziwe n'kupita kukagona pansi pa mkuyu wa Nyani, kutali ndi fungo la madzi. Tsiku loyamba linali la ludzu chabe. Nyenje zinkalira, mphepo yotentha inkawomba, ndipo thupi lake lonse linatuluka thukuta lofiira lija limatuluka mvuu ikakhala padzuwa. Dzuwa linalowa, kamodzi.

Tsiku lachiwiri khungu linayamba kung'aluka kuseri kwa makutu ndi m'mapindiko a khosi. Lilime linauma, mutu unkazungulira akati adzuke. Nyani anamata ming'aluyo ndi mafuta a nsatsi, kenako anabwerera m'mbuyo n'kuwomba m'manja.

"Taonani mitsempha, bwana! Taonani! Chiyambire ntchito imeneyi sindinaonepo zoterezi."

"Ndingonyambitako pang'ono," anatero Mvuu ndi mawu osasa. "Kadontho kokha."

"Kadontho kamodzi kafufuta miyezi iwiri. Limbani mtima, mawa lomweli."

Mvuu anadziyang'ana pamwendo ndipo anaonadi mitsempha itayala ngati mizu ya kachere. Anatseka pakamwa n'kugona. Dzuwa linalowa, kawiri.

Tsiku la mpikisano nyama zinadzaza kuzungulira thanthwe kusanatenthe. Opikisana khumi ndi awiri anandanda pamthunzi, akunyezimira ndi mafuta, aliyense akuyang'ana mnzake mwakuba. Chimene Nyani sanachiike m'masamu ake chinali woweruza. Woweruzayo anali Birimankhwe, amene anamusankha chifukwa maso ake amaona mbali ziwiri nthawi imodzi ndipo palibe angamufulumizitse, ndipo anafika dzuwa litakwera kale ngakhale ananyamuka kwawo dzana.

Kaweruzidwe kake kanali kotere. Wopikisana akakwera pathanthwe, Birimankhwe ankati, "Kungani!" ndipo nyamayo inkakunga minofu n'kuuma gwa. Kenako iye ankakwera pathupipo n'kuyenda ponseponse, kuponda mnofu uliwonse ndi timanja take, phazi kutsogolo, phazi m'mbuyo, phazi kutsogolo. Wogwedezeka asanamve mawu akuti "Masukani!" ankatuluka mumpikisano nthawi yomweyo.

Njiri anakwera ndi khosi ngati mtondo, koma atatembenuka khamu linafa ndi phwete poona timiyendo takumbuyo timene anaiwala kutilimbitsa. Pa Mbidzi panabuka mkangano, ena akuti mizere yake ndi chinyengo chifukwa imanamiza maso, ndipo nkhaniyo inadya nthawi yaitali. Ntchefu anayetsemula ali mkati mokunga, n'kutsika akulira. Dzuwa linafika pamutu, n'kudutsa, Mvuu asanaitanidwe.

"Munati masana," anatero Mvuu.

"Pang'ono basi, bwana," anatero Nyani, akumupakanso mafuta. "Nthawi ilipo yambiri. Akuitana dzina lanu uko, kwerani. Pagule fumbi ndiwe mwini."

Thanthwe linali litatentha moti linkaotcha mapazi. Mvuu anakwera, anaima pakati, ndipo atamva "Kungani!" anakunga thupi lonse. Kenako nthungululu zinaphulika mbali zonse, nyama zikukwerana pamsana kuti zione bwino, ndipo Mvuu anamva kukoma kumene sanakumvepo chibadwire. Ludzu analiiwala, ming'alu anaiiwala.

Pomaliza anatsala awiri, Mvuu ndi Njati, kuti aime limodzi woweruza awafanizire. Dzuwa linali litapendeka, mithunzi itatalika. Apa m'pamene Mvuu anaona chinthu chimene akanayenera kuchiona m'mawa. Mbali ya thanthwe imene chaka chilichonse inkadzaza ndi akazi ndi ana a Njati inali yopanda njati ngakhale imodzi.

"Kakowa," anaitana chapansipansi, "banja la a Njati lili kuti?"

"Lili kudziwe kwanu," anatero Kakowa, monga wonena za nyengo. "Aima m'mphepete chiyambire m'mawa. Sanalowe ayi, akungoyang'ana dzuwa."

Mvuu anatembenukira kwa Njati, amene anaima pambali pake akubzikula modekha.

"Ndi zoona," anatero Njati. "Sindikubisirani kanthu, a Mvuu. Njira ndi iyo. Mukatsika pano tsopano, mukafika dzuwa lisanalowe, ndipo ana anga abwerera kopanda mawu."

"Mukufuna nditsike kuti mphande ikhalebe yanu."

"Chimodzi mwa ziwirizi, mphande kapena dziwe, ndipita nacho lero. Musankhe ndinu chimene mundisiyire."

Mvuu anayang'ana dzuwa, anayang'ana njira, anayang'ana khamu limene linali litayamba kuimba dzina lake. Anaganiza za mwana amene sanamuonepo, ndipo mantha anamugwira ndithu. Koma anadziuza kuti kwatsala kuima kumodzi kokha, ndipo nyama imene yakankha chipika cha mbawa miyezi iwiri singalephere kuthamanga kamtunda kameneko. Anatsala pathanthwe.

"Kungani!" anatero Birimankhwe.

Anayamba ndi Njati, kuchokera kuziboda mpaka kunyanga, osasiya malo. Atatsika anapuma kaye, n'kuyamba ulendo wodutsa thanthwe kupita kwa Mvuu. Thupi la Mvuu linali lalikulu kawiri kuposa la Njati, ndipo Birimankhwe anali woweruza wachilungamo, wosafuna kulumpha mnofu ngakhale umodzi. Anayenda pachidali, anayenda m'nthiti, kenako analamula kuti onse awiri atembenuke aonetse msana.

Potembenuka, nkhope ya Mvuu inaloza kumadzulo. Dzuwa linali patsogolo pake penipeni, lofiira, likutsikira kuphiri, ndipo pansi pake njira ya kudziwe inkaoneka yonse. Pamsana pake ankamva timanja tozizira, phazi kutsogolo, phazi m'mbuyo. Kusuntha phazi lake kamodzi kokha kukanakwana kuti atuluke mumpikisano n'kuyamba ulendo, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Sanagwedezeke ngakhale khutu.

"Masukani!" anatero Birimankhwe pomaliza. "Mphande ya chaka chino ndi ya a Mvuu."

Phokoso linamveka mpaka kuphiri. Njati anaweramitsa mutu, anyani awiri anamuvula mphande, n'kupita nayo kwa Mvuu. Koma chingwe chake chinali cha khosi la njati, ndipo pakhosi la Mvuu sichinakumane. Anatuma wina kukasenda luzi, ndipo Mvuu, amene anali atadikira miyezi iwiri kuti avekedwe pamaso pa dambo lonse, anadikiranso zimenezo.

Atamumanga mphande, dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza phiri. Mvuu anatsika pathanthwe n'kuliyatsa liwiro. Sanapite patali. Minofu ya miyendo yakumbuyo, imene inakhala yokungika tsiku lonse popanda dontho la madzi, inakokana n'kuuma ngati mwala, ndipo katswiriyo anagwa chafufumimba m'fumbi.

"Nyani! Miyendo yanga!"

"Zimachitika zimenezo, bwana, musaope," anatero Nyani ali chapatali. "Mukamwa madzi zitha." Anali atazunguliridwa ndi tiana ta ntchefu ndi ta njiri tofuna kuphunzira kwa amene anapanga katswiri, ndipo sanathe kubwera.

Mvuu anadzuka, anayenda pang'ono, anagwanso. Kenako anangoyamba kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, mphande ikukwekwereza pansi. Khamu linkamutsata m'mbuyo mwakachetechete, chifukwa aliyense tsopano anali atamva nkhani ya dziwe. Dzuwa linalowa kachitatu iye ali pa nsenjere zomaliza, pamalo oti madzi ankawanunkhiza, ndipo anamva ndi makutu ake njati zikulowa, khuvu, khuvu, imodzi ndi imodzi.

Atafika, dziwe linali lodzaza nyanga. Anafuna kubangula, koma pakhosi panangotuluka mpweya. Anafuna kulowa ndi mphamvu, koma miyendo inakana, ndipo mboni zinali zambiri. Njati anafika pambuyo pake akuyenda mosathamanga, anamudutsa, n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi.

"Imwani, a Mvuu," anatero. "Kumwa saletsa."

Mvuu anagwada m'mphepete, pamalo omwe alendo ankagwada, n'kumwa. Anamwa nthawi yaitali. Atakhuta anagona pomwepo, pamatope ouma, chifukwa analibe kwina kopita.

Kutacha, dzuwa litangotuluka ndi ukali wake wa Okutobala, Namadzi anatulukira m'njira ya ku mtsinje. Pambuyo pake pankabwera kamwana kotopa, kakupunthwa, khungu lake litayamba kale kufiira. Namadzi anaima. Anaona njati m'dziwe, anaona mwamuna wake ali gone kunja, wong'aluka thupi lonse, mafuta atasakanikirana ndi fumbi, chigoba choyera chili m'khosi.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Mayi, ndifotokoza. Masamu anali bwinobwino, koma woweruza uja..."

"Dziwe n'landani?"

Anayankha ndi Kakowa, amene anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa nyemba za msangu mpaka pa luzi, osawonjezera kapena kuchotsa. Namadzi anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anayang'ana mwana, anayang'ana njira imene anadzera, ndipo anadziwa kuti mwanayo sangabwerere ku mtsinje ndi dzuwa limenelo n'kukafika wamoyo.

Anapita m'mphepete mwa madzi n'kugwada. Mvuu anatseka maso ndi manyazi, chifukwa mkazi wake anali asanagwadirepo nyama iliyonse padziwe limenelo.

"A Njati, dziwe ndi lanu, lamulo ndalimva. Ndikupempha malo a mwanayu."

Njati anayang'ana kamwanako kwa kanthawi. Iyenso anali kholo, ndipo sanali wankhanza, anali wodziwa kudikira chabe.

"Lowani, mayi, inu ndi mwana. Khalani kumbali uko mpaka mvula idzagwe, palibe akuvuteni."

Mvuu anadzuka movutikira n'kuyamba kutsata mkazi wake.

"Inu ayi, a Mvuu," anatero Njati. "Tilipo ambiri muno, ndipo madzi akutsika tsiku ndi tsiku. Thupi lanu tonse tinaliona dzulo. Silingakwane."

Namadzi anakankhira mwana m'madzi ndi mphuno, ndipo kamwanako kanamira, n'kutulukanso kakupuma mosangalala. Kenako kanaona chinyama chachikulu chong'alukang'aluka chitaima kumtunda, chikukayang'anitsitsa misozi ili m'maso. Kanachita mantha n'kubisala kuseri kwa mayi wake.

"Amayi, ndani uyo?"

Namadzi sanacheuke n'komwe.

"Ndi katswiri wa chaka chino," anatero. "Tiye kuno kuli mthunzi."

Mvuu anaima pomwepo mpaka dzuwa linayamba kumuwotcha m'ming'alu. Kenako anatembenuka n'kutsika ndi khwawa louma, yekha, kukafuna matope oti n'kugonapo.

Phunziro: Chimene wapatsidwa kuti usunge usachiike pachiswe pofuna kuti anthu akuwombere m'manja. Owomba m'manja amabalalika tsiku lomwelo, koma amene amadalira iwe ndi amene amatsala akulipira. Mapanga awiri avumbwitsa.